Mayi Loko ndi Nambala za Amuna Athu

Mayi Loko si namwino, ngakhale ambirife timawaitana choncho tikafuna kuwasangalatsa. Pachipatala chathu chaching'ono anayamba ngati wokolopa, ine ndisanabadwe n'komwe. Pambuyo pake anawaika pa sikelo ya ana, ndipo atayamba kukula anawapatsa kachipinda ka kumapeto kwa khonde, komwe amayi timapita pa nkhani za kulera. Jakisoni amabaya ndi anamwino. Ntchito ya Mayi Loko ndi kutilandira, kutiyeza kuthamanga kwa magazi, ndi kutikumbutsa tsiku lobweranso pakatha miyezi itatu.

Ndi mayi wamfupi, wa mawondo otupa, ndipo magalasi awo ndi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Amuna awo anamwalira ana ali aang'ono. Anawalera okha ndi ntchito yomweyi mpaka aliyense anapeza pake. Kuseka mokweza sadziwa. Ukawauza nkhani yoseketsa amangogwedeza mapewa, pakamwa pali chitsekere.

Dzina la Loko anawapatsa ndi amayi a pabenchi. Amati chimene chalowa m'khutu mwa mayi amenewa chalowa m'sutikesi yotayika kiyi. Mlamu wawo weniweni, mkazi wa mchimwene wawo, anabaya jakisoni m'kachipinda komweko zaka zambirimbiri, mchimwene wawoyo akucheza nawo Lamulungu lililonse osamva kanthu. Tsiku lina bambo wina anabwera atalusa, n'kuima pakhomo kufunsa ngati mkazi wake amalowa m'menemo. Mayi Loko anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kutenga mopu imene inatsamira pakhoma.

"Ine ndimakolopa, bambo," anatero. "Tasunthani phazi, mukundipondera ponyowa."

Bamboyo anasuntha phazi, kenako anasuntha thupi lonse.

Anali ndi njira yawoyawo yotikumbutsira. Akaweruka sankalunjika kwawo. Ankadutsa mumsika ndi m'tinjira ta m'malaini, chikwama chakuda chili paphewa, ndipo akakuona ankangoti, "Amake mwana, nsalu ija yabwera." Basi. Iwe unkadziwa kuti Lachinayi uyenera kukaonekera. Amuna athu ankayesa kuti mayiwa amagulitsa nsalu pambali. Wina anaumirira kuti azione nsaluzo, akuti akufuna kugulira mkazi wake, ndipo Mayi Loko anatulutsa nsalu yawo yomwe ankafunda kukazizira n'kumugulitsa. Mkazi uja amaivala mpaka lero.

Kuti nkhaniyi imveke ndiyenera kunena za neba wanga, Make Mapasa. Tinkakhala m'nyumba za lendi za mdadada umodzi, khoma lake ndi langa linali limodzi, moti akatsokomola ine ndinkamva. Ali ndi ana aakazi okhaokha: wamkulu mmodzi, kenako mapasa. Pobereka mapasawo anatsala pang'ono kutisiya. Magazi anathamanga kwambiri, anakomoka n'kuyamba kuphupha, ndipo anatsitsimuka ana atayamba kale kumwa mkaka wa m'botolo. Adokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti mimba ina ikabwera posachedwa, mwina sadzatuluka m'chipatala ndi miyendo yake.

Amuna ake ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo tonse timangowatchula kuti a Mmisiri. Si munthu woipa, sindinganame. Samenya, samwa mowa, ndipo akabwera madzulo amanyamula mapasa onse awiri, wina dzanja ili wina dzanja ili. Koma akufuna mwana wamwamuna, ndipo za jakisoni safuna n'kumva komwe. Amati jakisoni amaumitsa chiberekero mpaka kalekale, ndipo mkazi wobaya mobisa ndiye kuti ali ndi wina kumbali. Za adokotala zija anangoti madokotala amakonda kuopseza anthu. Choncho Make Mapasa ankapita kwa Mayi Loko mwakachetechete, ana n'kundisiyira ine, kunyumba n'kunena kuti wapita kukaona nsalu.

Tsopano za nambala. Tsiku loyamba kulowa m'kachipinda kaja amakufunsa dzina, zaka, ana angati, ndi nambala ya foni. Ambirife foni tilibe, kapena tili ndi kamabatani kamene kamakhala kothima sabata yonse, nambala yake osaidziwa n'komwe. Nambala imene mkazi aliyense amaidziwa pamtima ndi ya mwamuna wake. Ndiyo timatchula kusukulu ya ana, ndiyo timatchula kwa eni nyumba, ndiyo imatuluka yokha pakamwa munthu akangoti "nambala". Ine ndinatchula ya bambo a mwana wanga. Make Mapasa anatchula ya a Mmisiri. Ena anatchula ya apongozi awo. Mayi Loko ankati, "Tchulani iliyonse, ana anga. Kompyuta ndiyo imafuna, palibe amene adzaimbe." Ndipo kwa zaka zonsezo zinali zoona. Palibe anaimbapo.

Chaka chino kunabwera a Sisitala atsopano oyang'anira chipatala, munthu wachangu, wokonda dongosolo. Ataona mawondo a Mayi Loko anamva chisoni. Anati munthu wamkulu chotere asamazungulire msika ndi miyendo pamene kuli mafoni. Kulikulu kunachokera foni yaikulu ngati thireyi, nambala zathu zonse atazisamutsiramo kale kuchokera mu kompyuta. A Sisitala anawaphunzitsa m'mawa umodzi, odwala akudikira panja. Anawaonetsa njira ziwiri zotumizira uthenga kwa anthu ambiri. Ina ndi yoti aliyense amalandira payekha, osaona anzake. Ina ndi ya gulupu, yoti onse amakhala ngati ali m'chipinda chimodzi, aliyense akuona nkhope ya mnzake. Kwa Mayi Loko zonse zinali zofanana, timabatani tobiriwira.

Anapanga gulupu. Foni itafunsa dzina la gulupuyo, iwo anaganiza kuti dzinalo ndi loona iwo okha, monga mmene amalembera mkati mwa chitseko cha kabati kuti adziwe shelefu ya magolovesi. Analemba kuti "Amayi a Jakisoni wa Kulera". Koma uthenga anaulemba mosamala ngati kale: "Nsalu ija yabwera, mubwere Lachinayi." Atatumiza anathimitsa kulira kwa foniyo, n'kuiika m'dirowa, n'kukiya, kuti wina asaione. Zimenezi anandiuza okha pambuyo pake.

Tsiku limenelo ine ndinali pampopi ndikuchapa matewera, dzuwa lisanafike pamutu. Ndinangoona bambo a mwana wanga akubwera, magalasi owotcherera zitsulo ali pamphumi. Iwo sabwera kunyumba masana. Ndinaganiza kuti wina wapsa kuntchito.

"Tapukuta m'manja," anatero. "Uone izi."

Za jakisoni wanga iwo amadziwa, tinagwirizana tonse, kotero sanabwere ndi mkwiyo. Koma nkhope yawo inali ngati ya munthu amene waona ngozi pamsewu. Foni inkangolira m'manja mwawo osapuma.

Ndinawerenga dzina la gulupu, n'kubwerezanso. Kenako ndinatsika m'munsi. Amuna anali atayamba kale kulemba.

"Ndani wandiika muno? Ine ndine mayi?"

"Nsalu yanji imeneyi yobwera ndi jakisoni?"

"Akuluakulu, tonse amene tili muno tagona."

Wina anaika nkhope zoseka mzera wonse. Wina anati n'chifukwa chake kwake kwakhala kuli zii ngakhale ayesetsa bwanji. Wina sanaseke. Anangolemba dzina la mkazi wake ndi chizindikiro chofunsa.

"Dina pamwambapo," anatero bambo a mwana.

Ndinadina, ndipo onse amene anali m'menemo anatambasuka. Bambo a mwana ndi munthu wa ntchito zamanja, theka la tauni ali nalo m'foni, choncho sizinali nambala chabe. Zinali nkhope, ndi mayina monga mmene iwo anawasungira: Wabutchala, Wamatayala, Aphunzitsi, ndi Mkulu wa Mpingo, yemwe uja amene mwezi wathawu anaima kutsogolo n'kunena kuti kulera n'kutsutsana ndi Mlengi. Madzi anadzadza m'beseni mpaka kusefukira pamapazi anga, ine osamva.

Kenako ndinaona palembedwa kuti Neba Mmisiri.

"Awa aona?" ndinafunsa.

"Kaya. Akakhala pantchito foni amaisiya m'chikwama mpaka kuweruka. Mwina sanaone."

Make Mapasa ndinamupeza pakhonde akuluka tsitsi mmodzi wa mapasa. Ndinamuonetsa foni ija. Iye powerenga amachedwa, amatsatira ndi chala. Chala chitafika pa "Kulera" chinaima. Sanalire. Anamaliza kuluka chingwe chimene chinali m'manja mwake, n'kumuuza mwana kuti apite akasewere.

"Si Mayi Loko amenewa," anatero. "Wina waba foni."

"Nambala ndi ya kuchipatala, neba."

"Ndiye wina waba. Mayi Loko sangatero, ngakhale utawaika mpeni pakhosi."

Ana ake tinasiyira mayi wa nyumba ya kumapeto, ine n'kubereka wanga, foni ya bambo a mwana ili m'manja. Tinalunjika kuchipatala. Podutsa pamsika tinapeza mkangano wayamba kale pa benchi ya tomato, mwamuna akugwedeza foni pamaso pa mkazi wake, anthu atazungulira.

Mayi Loko tinawapeza ali phee, akupukuta makina oyezera magazi. Sankadziwa chilichonse. Anatilandira n'kumwetulira pang'ono.

"Lero si Lachinayi, ana anga. Kapena uthenga wafika? Mwaona, nanenso ndalowa m'zamakono."

Ndinawapatsa foni. Anakonza magalasi. Anawerenga nthawi yaitali, milomo ikuyenda. Kenako anatsegula dirowa, n'kutulutsa foni yawo yaikulu ija. Mauthenga anali atadzadza.

"Dzinali akuliona?" anafunsa. "Dzina la pamwambali, onsewa akuliona?"

"Akuliona, mayi."

"Koma ndinalembera ine."

"Ndi amuna athu amenewa, mayi. Nambala zija zinali za amuna athu."

Anakhala pa mpando wa odwala, umene iwo sakhalapo. Ndawadziwa kuyambira ndili mwana wa pasikelo yawo, koma nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo. Kukamwa kunali yasa. Ndisanazindikire chimene akuchita, chala chawo chinali chikulemba, ndipo foni ya bambo a mwana inalira patebulo. Ndinaitenga. Anali atalemba kuti, "Pepani abambo, uthengawu si wanu, ndi wa akazi anu."

Make Mapasa anagwira pakamwa. Amuna amene ankakayika, amene ankati mwina chipatala changosokoneza nambala, tsopano anali atauzidwa.

A Sisitala analowa mothamanga, foni yawo ili kukhutu, pakuti amuna awiri anali atafika kale pageti akufuna kuonana ndi mwini gulupu. Anatenga foni yaikulu ija m'manja mwa Mayi Loko, osati mwaukali, koma monga mmene umalandira mwana mpeni. Ankalankhula ndi wa makompyuta wa kulikulu, ndipo mawu ake tonse tinkawamva. Wa makompyutayo anati asalembenso kanthu, ngakhale kupepesa. Ayambe ajambula zonse, chifukwa akuluakulu adzafuna kudziwa amene akhudzidwa. Kenako atseke kuti wina asathe kulembamo, afufute mauthenga awiri a Mayi Loko aja, achotse anthu mmodzimmodzi, gulupuyo ithe.

"Zikatero ndiye kuti zatha?" anafunsa a Sisitala.

"Zisiya kufalikira," anayankha. "Koma amene waona waona. Ndipo amene foni yake ndi yothima, akayatsa dzina la gulupu alipezabe."

A Sisitala anatseka maso kanthawi, kenako anatembenukira kwa Mayi Loko. Ndinkayembekezera kuti akalipa. Anangoti, "Ine ndi amene ndinakupatsani chinthu ichi ndisanafunse kuti nambalazi ndi za yani. Zimenezo tikayankha kulikulu tonse awiri. Panopa mayi aliyense amene wakhudzidwa ayenera kumva kuchokera kwa ife lero lomwe, mwamuna wake asanafike kunyumba. Amene akuopa kugona kwawo atiuze, tione chochita."

"Makomo awo ndikuwadziwa," anatero Mayi Loko. Mawu awo anali aang'ono. "Onse."

Anagawana madera ndi anamwino awiri. Koma asananyamuke, Mayi Loko anagwira dzanja la Make Mapasa.

"Mwana wanga, ndilole ndikawauze amuna ako kuti ndinaphonya nambala. Ndikanene kuti ndimafuna ya mayi wina, ndine nkhalamba, maso anatha. Akhulupirira."

"Ayi," anatero a Sisitala. "Chipatala sichinena kuti uyu amabwera, sichinenanso kuti sabwera. Tikamasula mmodzi, mawa onse adzafika kudzafunsa kuti nanga wanga. Wonena ndi mwini wake."

Tonse tinayang'ana Make Mapasa. Iye ankayang'ana chithunzi cha pakhoma cha mayi woyamwitsa.

"Bodza ndatopa nalo," anatero. "Ndikanama lero, mawa aziyenda pambuyo panga kuti aone ngati ndikulowa muno, ndiye kuti sindidzabayanso. Ndikawauza ndekha foni isanawauze. Koma mayi, tipite limodzi. Inu ndi amene mwauyatsa motowu."

Kumene a Mmisiri ankamanga kunali kutali ndithu, kuseri kwa malo ochekera matabwa. Mayi Loko ankatsalira m'mbuyo ndi mawondo awo, koma anakana kupuma. Tinafika dzuwa litapendeka. Nyumbayo inali itafika pa mawindo, paliponse pali mchenga ndi matumba a simenti ong'ambika.

Tinachedwa. Ndinadziwa ndisanaone n'komwe nkhope ya a Mmisiri, chifukwa anthu onse a pamalopo anasiya mafosholo n'kumatiyang'ana. Wosakaniza matope nayenso anali m'gulupu muja, ndipo anali atayendetsa foni yake kwa aliyense kuyambira m'mawa. A Mmisiri anali atakhala pa mulu wa njerwa, manja ali pamawondo. Mzera wapamwamba wa khoma limene ankamanga unali wokhota, chinthu chimene iwo sachita.

"Alamu abwera," wina anatero chapansipansi. "Abwera ndi mwini nsalu."

Ena anaseka, koma a Mmisiri atatembenuka onse anakhala chete.

A Mmisiri sanamuyang'ane mkazi wawo. Anayang'ana Mayi Loko.

"Ndinu mwandiika m'gulu la azimayi?"

"Ndine, bambo. Ndalakwa kwambiri. Nambala yanu siinayenera kukhala m'menemo, ndipo anthu sanayenera kuiona. Ndabwera kudzapepesa."

"Kupepesa ndamva. Ndiyankheni chimodzi. Mkazi wanga amabaya?"

"Zimenezo sindingayankhe, bambo."

A Mmisiri anaseka kuseka kwa pamano. "Mwauza tauni yonse. Wosakaniza matope wanga akudziwa, wabutchala akudziwa. Ine mwini mkazi ndiye simungandiuze?"

"Sindingathe, bambo."

Misozi inkatsika pansi pa magalasi awo.

"Ndimabaya," anatero Make Mapasa.

Kuseri kuja makina ocheka matabwa ankalira.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira mapasa ali akhanda. Munalipo adokotala akunena, bambo a mapasa. Munaima kumutu kwa bedi. Ine sindinkafuna kukupusitsani. Ndinkafuna kuti ana anu asakule ndi mayi wopeza."

"Kapena pali wina."

"Winayo ndingamuike pati, ndi ana atatu kumsana?"

Mmodzi wa anthu aja anatsokomola pobisa kuseka. A Mmisiri anaimirira n'kupukuta manja pa buluku. Sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinandiopsa.

"Ukanandiuza m'nyumba, tikanakangana m'nyumba. Lero ndasanduka nyimbo ya anthu amene ndimawatuma. Sankha wekha. Lachinayi ukapita kumeneko, usabwerere pakhomo panga."

"Bambo," anayamba Mayi Loko, "bwanji mupite mukamve nokha kwa adokotala..."

"Inu mwalankhula zokwana lero, mayi."

Anakwera pa makwerero n'kuyamba kugumula mzera wokhota uja, njerwa imodziimodzi.

Pobwerera Mayi Loko sanapite kwawo. Analowa m'malaini, khomo ndi khomo, ine ndikuwatsatira ndi mwana kumsana chifukwa ndinkaopa kuti agwa. Mawu awo anali amodzimodzi paliponse: chachitika ndi ichi, wachititsa ndine, amuna anu mwina aona, mukufuna tikuthandizeni bwanji. Ena anawatukwana. Mkazi wa a Mkulu wa Mpingo anatseka chitseko tisanafike n'komwe. Mayi wina anaseka mpaka kugwira m'mimba, akuti amuna ake anangomva mawu oti nsalu ndipo akhala akufunsa aliyense ngati zilipo zobiriwira. Koma pakhomo lina tinapeza mtsikana wongokwatiwa kumene atakhala kuseri kwa nyumba, diso litatupa, mlomo utang'ambika. Mayi Loko anakhala padothi pambali pake. Mtsikanayo tinapita naye kwa a Sisitala, amene anamusunga n'kuitana akwawo ndi apolisi.

Lachinayi lija benchi inali pafupifupi yopanda anthu. Pamene timakhala mopanikizana mpaka ena kuima, panali amayi owerengeka, aliyense akuyang'ana pansi. Make Mapasa anagogoda kwanga m'mawa, a Mmisiri atangopita kuntchito. Zovala za ana anali atazimanga kale m'nsalu, mbale zili m'ndowa.

"Undigwirire ana," anatero. "Ndikabwera undithandize kunyamula mpaka kwa akulu anga."

"Watsimikiza, neba?"

"Banja likatha ndilira ine. Ndikafa alira ana."

Anapita, anabaya, ndipo masana tinanyamula katundu. Kiyi wa nyumba anandisiyira. Madzulo a Mmisiri anamutenga m'manja mwanga osafunsa kanthu.

Kunabwera anthu a kulikulu, anafunsa mafunso ambiri, ndipo Mayi Loko anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Foni yaikulu inabwerera kumene inachokera. Nambala zonse zakale anazifufuta. Tsopano ukalowa m'kachipinda kaja amafunsa mosiyana: foni imeneyi ndi ya yani, amaigwira ndani, tingatumizepo uthenga kapena ayi. Ukati ayi, kompyuta imapita patsogolo bwinobwino. Ndiye kuti zaka zonsezi ikanatha kugwira ntchito popanda nambala, kungoti palibe amene anafunsa. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Ali kunyumba ndinapita kukawaona. Amakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa malo okonzera njinga. Ndinawapeza pakhonde, miyendo ataiika m'beseni la madzi ofunda, mwana wawo wamkazi akuwathira mchere m'madzimo.

"Muwauze ndinu, mwina amva," anatero mwana wawoyo. "Asiye ntchito basi. Pamsika akuwatchula Mayi Wailesi tsopano."

"Ndamva," anatero Mayi Loko. "Ena akuti loko wadya dzimbiri."

"Ndiye mukufunanso chiyani kumeneko, amayi?"

Mayi Loko anandifunsa ine za mtsikana wa diso uja, kenako za mkazi wa wamatayala, kenako za Make Mapasa, ngati ana akudya, ngati wamkulu uja akupitabe kusukulu. Ndinawauza zimene ndinkadziwa.

"Zaka zonsezi ndinkalondera pakamwa," anatero. "Ndinkati bola pakamwa patsekeke. Sindinkadziwa kuti zingatulukire ku chala." Anayang'ana chalacho ngati si chawo. "Akandilola ndibwerera. Amene ndawapweteka akufunika apeze munthu womukalipira. Asapeze mpando chabe."

Anawaloladi kubwerera, atawachenjeza. Akalamba kwambiri m'miyezi yochepayi. Pamsika sadutsanso. Amayi ena tsopano amapita kuchipatala cha kutali, ena anangosiyiratu, ndipo pakati pa osiyawo alipo amene mimba zayamba kuonekera. Akamadutsa pakhonde kupita kusikelo ya apakati, Mayi Loko amawaona pa chitseko chawo, amawapatsa moni, ena amayankha ena sayankha.

Sabata yatha ndinapita kukaona Make Mapasa. Kwa akulu ake n'kopanikiza. Iye ndi ana amagona pabalaza, mipando amaiunjika pakona, m'mawa n'kuibwezeretsa. Wayamba kuchapira anthu zovala. Waonda, koma akuyenda ndi miyendo yake. Anandiuza kuti a Mmisiri anabwerapo kamodzi, anaima pageti, ananyamula mapasa, n'kunena kuti akamaliza denga la nyumba ija apita akamve okha kwa adokotala. Dengalo ine ndinaliona litatha kalekale, malata ali mbee. Sindinamuuze.

"Mayi Loko abwerera pantchito," ndinatero.

Anapitiriza kufikisa kolala ya malaya a eni ake.

"Sindinawakhululukire," anatero. "Ndimayesa, koma ndikaona ana anga akugona pansi pa tebulo la eni, zimabwerera."

"Ndiye uzipita cha kutali chija, ngati anzathu?"

Anafinya malayawo n'kuwaponya m'ndowa.

"Kutaliko ana ndisiyira ndani? Ndipita komweko. Tsiku langa layandikira, ndipo ndikulidziwa ndekha. Asandikumbutse munthu."